Makina otchola tiyi akafika, ife a ku Thyolo ndi Mulanje titsala ndi chiyani?

Esnart (Luchenza): Moni nonse pa gulu. Pepani ndalemba usiku chonchi, tulo takana. Masana ndinali ndi alamu anga amene akhala akutchola tiyi pa esiteti ina kuno kwa zaka zambiri. Dzina la esitetiyo sinditchula. Akuti mvula itayamba, nthawi ija amalemba anthu ambiri chifukwa tiyi waphukira, kapitawo anawauza kuti ena abwerere kaye kunyumba poti chigawo china cha munda akuyesako makina. Ndi aja ogwira anthu awiri, wina uku wina uku, injini ya petulo pakati, kumbuyo thumba lalitali lolandira masamba. Alamu angawo ali ndi ana anayi, amuna awo anamwalira nthawi ya Covid ija mu January 2021. Munda wawo wa chimanga ndi kachidutswa koti ukaima pakati ukhoza kulavulira malire onse. Andifunsa kuti "mlamu, ndipite kuti?" Ine ndasowa choyankha. Ndiye ndati ndifunse kuno poti muli anthu ophunzira.

Admin (a Likoswe): Mwalandiridwa mayi Esnart. Nkhaniyi ndi ya tonse. Chonde tikambirane mwaulemu, ndipo za zipani tisiye panja.

Yamikani: Pepani kwambiri azakhali ndi zimene zawagwera alamu anuwo. Koma ndinene zoona ngakhale zowawa, makina sitingawaletse. Ine ndinaphunzira za uinjiniya ku MUST kwathu komweko ku Ndata, ndipo chimene ndinaona n'chakuti dziko lililonse limene linatukuka linachoka pa khasu ndi dengu. Tiyi wathu amakapikisana pa msika ndi wa ku Kenya, wa ku India, wa ku Argentina kumene amakolola ndi makina kuyambira kale. Ife tikakakamira manja, ogula adzapita kwina, esiteti itsekedwe, ntchito zithe zonse m'malo mwa theka. Masomphenya a Malawi 2063 amene anakhazikitsidwa mu January 2021 akunenanso za ulimi wa makina ndi mafakitale. Sitingafune chitukuko n'kumakana zipangizo zake. Walira mvula walira matope.

A Chikopa (mphunzitsi wopuma, Chisitu): Mwana wanga Yamikani, mwambi wauika pabwino, koma funso n'lakuti mvulayo ikugwa m'munda mwa yani, ndipo matopewo akuponda ndani. Ndilole ndibwerere kumbuyo pang'ono, poti inu achinyamata mbiri iyi munangoiwerengera mayeso.

Tiyi anayamba kudzalidwa ku Mulanje kuno m'zaka za m'ma 1890. Malo abwino onse a m'munsi mwa phiri ndi a ku Thyolo anakhala a azungu, ena powagula kwa mafumu ndi nsalu ndi mikanda. Makolo athu ambiri, makamaka ife Alhomwe, anachokera ku Mozambique kuthawa nkhanza za Apwitikizi, n'kudzapeza malo ali kale ndi eni ake a pa pepala. Kuti umange nyumba ndi kulima kamunda, unkalipira ndi thukuta, ndiyo thangata ija. Unkagwira ntchito ya mwini esiteti nthawi ya mvula, nthawi yomweyo imene munda wako ukufuna kupalira. John Chilembwe podzuka mu January 1915, china chimene chinamuwawa ndi nkhanza zimenezi pa esiteti ya A.L. Bruce ku Magomero.

Ndikunena izi chifukwa pangano losalembedwa limene lasunga mtendere ku Thyolo ndi Mulanje zaka zonsezi ndi ili: malo ndi anu, koma ntchito ndi yathu. Malipiro ochepa, inde, koma alipo. Tsono kale anatikakamiza kugwira ntchito pa nthaka imeneyi tisakufuna. Lero akuti manja athu sakuwafunanso. Nthaka sanabweze. Munthu wopanda malo, wopandanso ntchito pa malopo, mwamusiyira chiyani? Ku Argentina kumene ukunenako sindikudziwako, koma kuno anthu athithikana m'mphepete mwa minda ya tiyi ngati nyerere pa fupa.

Esnart (Luchenza): Aphunzitsi mwandilankhulira. Agogo anga ankatiuza za tikiti ya thangata mpaka kulira.

Yamikani: Ndamva bambo, ndipo mbiriyo sindikuitsutsa. Koma makina amabweretsanso ntchito zina. Pafunika owakonza, oyendetsa, ogulitsa zipangizo. Onani za ma drone, tindege tija topanda munthu mkati: njira ya mumlengalenga yotiyeserera inatsegulidwa ku Kasungu mu 2017, sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba ku Lilongwe mu January 2020, ndipo anzanga ena amene anaphunzira kumeneko ali pa ntchito lero. Zaka khumi zapitazo ntchito imeneyo kunalibe.

Blessings (Joni): Achimwene Yamikani, anzanuwo ndi angati? Ndikufunsa mwaulemu. Chifukwa amayi a zaka 45 amene analekeza Sitandade 4 sakawulutsa drone.

Ndikuuzeni zanga, mwina muona mbali ina ya makinawa. Ine ndinabwera ku Johannesburg mu 2016, ndinkagwira mu lesitilanti ina ku Randburg, woperekera zakudya. Lockdown itayamba pa 27 March 2020 tinauzidwa kuti tikhale kunyumba. Malowo sanatsegulenso. Boma la kuno linayamba kupereka R350 pa mwezi kwa osowa ntchito, koma ife ambiri a ku Malawi mapepala athu sankatilola kulandira. Tinkadya chifukwa cha mipingo ndi magulu athu a maliro. Anzanga ena anakwera mabasi aja obwerera kumudzi mu May 2020, aja anakasungidwa pa Kamuzu Stadium n'kuthawapo. Anthu anawanyoza kwambiri pa Facebook, koma ine ndikudziwa njala imene anachoka nayo kuno.

Panopa ndimayendetsa njinga yamoto, kuperekera anthu zakudya ndi katundu wogula pa foni. Bizinesi imeneyi inakula nthawi ya mliri, poti olemera sankafuna kutuluka. Ndiye Yamikani anganene kuti onani, ukadaulo wamupatsa Blessings ntchito yatsopano. Zoona. Koma bwana wanga tsopano ndi app. Ndi imene imasankha kuti oda iyi ipite kwa ine kapena kwa mnzanga, ndi imene imanena mtengo wa ulendo, ndipo mtengowo umasintha osatifunsa. Njinga ndi yobwereka, ndimalipira sabata iliyonse kaya ndapeza kaya sindinapeze. Petulo wanga, data yanga, ndikagwa pa msewu chipatala changa. Chaka chatha kasitomala wina anadandaula kuti chakudya chinafika chozizira, tsiku la mvula yamphamvu, ndipo akaunti yanga inatsekedwa masiku asanu. Ndinalemba mauthenga, ankandiyankha ndi makina. Ku lesitilanti kuja bwana anali wovuta, koma anali ndi nkhope, unkatha kumudikira pa khomo n'kumuuza kuti mwana wadwala. App ilibe khomo.

Tamanda (Leeds): Blessings mchimwene wanga, zandikhudza. Kuno ku UK nthawi ya mliri boma linkalipira mpaka 80% ya malipiro a anthu amene anakhala kunyumba, osapitirira £2,500 pa mwezi, kuyambira March 2020 mpaka September 2021. Ndiye kusiyana kwake mukuone: wina akulandira ali pa mpando kunyumba, wina ku Joni alibe ngakhale R350, wina ku Luchenza sakudziwa n'komwe kuti kunja kuli zotere. Mliri unali umodzi koma maambulera anali osiyana.

Ife anamwino tinalibe zokhala kunyumba. Lachinayi lililonse 8 koloko madzulo anthu ankaima pa makomo kutiombera m'manja. Zinkatilimbitsa mtima, sindinama. Koma pofika December 2022 tinanyanyala ntchito chifukwa malipiro sankakwanira kugula zinthu. Chimene ndinaphunzira n'chakuti ntchito zimene makina sangagwire, kusambitsa wodwala, kumutembenuza, kumugwira dzanja akamatsirizika, ndi zimenenso dziko limalipira mochepa.

Za makina m'masitolo, kuno ambiri umadzilipirira wekha pa kauntala yopanda munthu. Mtsikana mmodzi amayang'anira makina asanu ndi limodzi kapena kuposa. Koma sitolo zina za kumpoto kuno, za Booths, zinachotsa makina otere m'nthambi zake zambiri mu November 2023 chifukwa makasitomala ankafuna munthu. Ndiye Yamikani, mawu oti "sitingawaletse" ndimawakayikira. Pali munthu amene amakhala pansi n'kusankha.

Yamikani: Achemwali, sitolo imeneyo ndi ya anthu a ndalama, akhoza kulipira mtengo wokwera kuti amwetuliridwe. Tiyi wambiri wa ku Thyolo amakathera m'timatumba tosakaniza ndi tiyi wa kwina. Wogula ku London kapena ku Durban sadziwa n'komwe kuti muli tsamba la ku Malawi. Sangalipire zambiri chifukwa chakuti linatcholedwa ndi dzanja.

Mayi Nasiyaya (Bvumbwe): Ine sukulu sindinapite nayo patali koma tiyi ndamutchola zaka 19. Dzanja limasankha, masamba awiri ndi kansonga. Makina amameta chilichonse, tsamba lokhwima, timitengo, ngakhale chisa cha mbalame. Atabweretsa masizasi aja okhala ndi kabokosi tinaona kale kusintha, makilo ankachuluka koma ku sikelo ankatibweza kuti tsamba ndi loipa, tisankhenso. Ndipo m'malo otsetsereka ngati a ku Thyolo kuno makina aakulu sangayende paliponse. China chimene anthu sakunena: otchola ambiri ndife amayi. Makina aja ndi olemera, akabwera amapatsa anyamata. Ndiye pochotsa anthu khumi n'kusiya awiri, awiriwo sakhala amayi.

Tamanda (Leeds): Amayi Nasiyaya mwanena chinthu chachikulu. Ndalama ya mayi ndi imene imafika mu mphika ndi ku sukulu.

A Mussa (Limbe): Ndalowa mochedwa, ndawerenga zonse. Ine ndinali telala pa banki ina kwa zaka 14. Nthawi ya Covid tinkalimbikitsa makasitomala tokha kuti musabwere ku banki, gwiritsani ntchito foni, Airtel Money, Mpamba, app ya banki, kuti tipewe matenda. Tinkawaphunzitsa ndi mtima wonse, ena kuwalembera pa kapepala manambala oyenera kudina. Mliri utachepa anthu sanabwererenso pa mzere ngati kale, ndipo makauntala ena anatsekedwa. Ine ndinali m'gulu la amene anapatsidwa kalata. Sindikudandaula kuti anthu akutumiza ndalama pa foni, n'zabwino, mayi anga ku Muloza amalandira ndalama osakwera minibasi. Koma ntchito imene ndinkagwira ine ndi penshoni ndi chithandizo cha kuchipatala, lero ikugwiridwa ndi mnyamata wokhala pansi pa ambulera pa msika, wolandira kakomishoni, amene akaberedwa ndi zake. Ntchito sinathe. Chimene chinatha ndi chitetezo chake. Ndipo mukamawerenga m'nyuzi phindu limene mabanki amalengeza chaka ndi chaka, mudziwa kuti ndalama imene inapulumutsidwayo inapita kwina.

Koma pa za tiyi ndili ndi funso la masamu. Kwacha inagwetsedwa ndi 25% mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44% mu November 2023. Tiyi amagulitsidwa m'madola, otchola amalipidwa m'makwacha. Makina ogula kunja amafuna madola, zipangizo zake madola, petulo madola, ndipo petuloyo tonse tikudziwa mizere yake. Ndiye m'dziko muno, mmene munthu alili wotchipa chonchi, makina akupindulitsa bwanji? Ine ndikuganiza kuti nkhani si mtengo wokha. Makina sadwala malungo, sapita ku maliro, satenga tchuthi cha uchembere, salowa m'bungwe la ogwira ntchito. Kumbukirani kuti bungwe la ogwira ntchito m'minda la PAWU linasainirana pangano loyamba la malipiro ndi Tea Association of Malawi mu 2016, ndipo kunali ntchito ija ya Malawi Tea 2020 yofuna kuti otchola azilandira malipiro okwanira kukhalira moyo. Anthu akangoyamba kupeza mawu, makina amayamba kuoneka okongola kwa olemba ntchito. Awa ndi maganizo anga, sindinakhale nawo pa misonkhano yawo.

Yamikani: Bambo Mussa, mbali ina ndikuvomera. Koma palinso vuto lenileni: December mpaka March tiyi amaphuka mofulumira, ukachedwa masiku ochepa tsamba lakhwima, ndipo ndi nthawi yomweyo imene anthu amajomba kukapalira minda yawo. Oyang'anira minda amadandaula zimenezi. Si onse amene ali ndi mtima woipa.

A Chikopa (mphunzitsi wopuma, Chisitu): Ndi vuto lomwe lija la nthawi ya thangata, mwana wanga. Tiyi ndi chimanga zimafuna munthu nthawi imodzi. Kale ankalithetsa ndi chikoti. Munthu akamalipidwa zokwanira kugula chimanga chaka chonse sangathawe ntchito kukapalira mizere khumi.

Dalitso (Nairobi): Ndiloleni ndiponyepo za kuno, poti zimene mukuopazo ku Kenya zinachitika kale. Ku Kericho ndi Bomet makampani aakulu a tiyi akhala akulowetsa makina kwa zaka zambiri, bungwe la ogwira ntchito la KPAWU linalimbana nawo m'makhoti koma silinathe kuwaletsa. Mu May 2023 anthu okwiya anatentha makina pa minda ya kampani ya Ekaterra, kunali kumenyana ndi apolisi, kampaniyo inaimitsa kaye ntchito. Tawuni ya Kericho inamva kuwawa, chifukwa wotchola akachotsedwa, wogulitsa tomato, wa njinga, mwini nyumba ya lendi, onse amagwa naye. Nkhani ya malo inadzukanso, anthu a mitundu ya Akipsigis ndi Atalai akunena kuti nthaka imeneyo analandidwa ndi atsamunda. Mukamva a Chikopa akulankhula, ndi mawu omwewo.

Koma pali zinthu ziwiri zimene ndikufuna muzione. Choyamba, kampani ya James Finlay pogulitsa minda yake ya ku Kenya mu 2023 kwa Browns Investments ya ku Sri Lanka, magawo 15 pa 100 alionse anapita kwa anthu a m'deralo kudzera mu kopaletivi yawo ya Kipsigis Highlands. Si zambiri, koma ndi chiyambi, ndipo sizinabwere chifukwa cha chifundo, anthu anachita phokoso. Chachiwiri, tiyi wambiri wa ku Kenya salimidwa ndi makampani aakulu, amalimidwa ndi alimi ang'onoang'ono a pansi pa bungwe lawo la KTDA, ndipo mafakitale opitirira 60 ndi a alimiwo. Fakitale ikagula makina abwino n'kuchepetsa ndalama zowonongeka, phindu limabwera kwa mlimi ngati bonasi kumapeto kwa chaka. Ali ndi mavuto awo, amakangana za utsogoleri ndi za mitengo, koma mlimi wa ku Nyeri samva mawu oti makina n'kuyamba kunjenjemera ngati alamu a mayi Esnart.

Grace (Chikwawa): Dalitso wandikumbutsa za kwathu kuno, sitikufunika kupita ku Kenya. Ku Phata alimi anaphatikiza minda yawo mu 2011 n'kupanga kopaletivi ya nzimbe. Pali makina aakulu othirira aja oyenda mozungulira, mapampu okoka madzi mu Shire, mathirakitala. Nzimbe amagulitsa ku fakitale ya shuga ku Nchalo, ndipo phindu amagawana malinga ndi kukula kwa malo amene aliyense anaponyamo. Analemba akatswiri oyendetsa munda, koma munda ndi wa alimi. Ine ndaona ndi maso nyumba za malata zikumera kumene kunali udzu. Palibe amene amadana ndi makina othirira aja, chifukwa akamazungulira akuzungulirira iwo.

Ndisakunamizeni kuti n'zophweka. Ku Kasinthula, pafupi pomwepo, alimi anakhala zaka zambiri akulimbana ndi ngongole ya poyambira. Ndipo Phata inathandizidwa ndi ndalama za European Union, si kuti anthu anasonkha za m'thumba. Komanso kuti ulowe umafunika ukhale ndi malo. Apa ndi pamene nkhani ya Thyolo ikuvutira.

Esnart (Luchenza): Eya achemwali, alamu anga aponyamo chiyani? Dengu?

A Chikopa (mphunzitsi wopuma, Chisitu): Aponyamo zaka zimene iwo, amayi awo ndi agogo awo anatsanulira m'mizere imeneyo. Kwa ine imeneyo ndi sheya yokwanira. Alimi ang'onoang'ono a tiyi tili nawo kuno, a bungwe la Sukambizi ndi ena, koma tsamba lawo amakagulitsa ku fakitale ya esiteti, pa mtengo umene sakhala ndi mphamvu yaikulu pouika. Tikanakhala ndi nzeru, esiteti iliyonse yofuna kulowetsa makina ikanauzidwa kuti chabwino, koma chigawo chakuti cha munda chipite kwa amene mukuwachotsawo, azilima tiyi okha, inu muzigula. Kapena magawo a kampani, monga wanenera Dalitso. Ziphaso za malo ena mwa amenewa zimaperekedwa ndi boma, ndiye boma lili ndi pogwira.

Mukumbukire chigayo. Amayi athu ankadzuka nkhuku zisanalire kukasinja pa mtondo, manja kuchita zikanga. Chigayo chitabwera palibe anachitentha. Chinachotsa ntchito yowawa imene inalibe malipiro, n'kuwapatsa amayi nthawi. Makina otchola tiyi akuchotsa ntchito yowawanso, palibe mayi amene amakonda kunyowa ndi mame ndi dengu kumsana, koma akuchotsa pamodzi ndi nsima. Kusiyana kwake ndi kumeneko.

Yamikani: Apa ndiye tayandikana bambo. Ine sindinanene kuti anthu atayidwe. Koma zokakamiza makampani kugawa magawo ndikuopa kuti ena adzangonyamuka, kapena kuzula tiyi n'kudzala makadamiya amene safuna anthu ambiri, zimene zikuchitika kale m'malo ena. Njira ina ndi msonkho. Bill Gates ananenapo mu 2017 kuti loboti yolanda munthu ntchito izilipira msonkho ngati mmene munthuyo akanalipirira. Ndalamazo n'kuzipereka kwa anthu mwachindunji. Ku Alaska ku America nzika iliyonse imalandira gawo la ndalama za mafuta chaka chilichonse kuyambira 1982. Ndipo kuno kwathu bungwe la GiveDirectly linapereka ndalama zokwana $550 kwa munthu wamkulu aliyense kwa Khongoni ku Lilongwe, popanda kumuuza chogula. Mtukula Pakhomo tili naye kuyambira 2006 pamene anayamba ku Mchinji. Njira yotumizira ilipo kale, ndi foni yomweyo imene inachotsa ntchito a Mussa.

A Mussa (Limbe): Njira ilipo, chikhulupiriro ndi chimene kulibe. Tikumbutsane zimene zinachitika. April 2020 boma linalengeza lockdown ya masiku 21, mavenda anachita zionetsero ku Limbe kuno ndi ku Mzuzu kuti tidya chiyani, omenyera ufulu a HRDC anapita ku khoti ndipo Justice Kenyatta Nyirenda anaimitsa lockdown ija. Kenaka kunalonjezedwa K35,000 pa mwezi kwa mabanja ovutika a m'mizinda inayi, Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Ndalamazo zinayamba kufika mu 2021, pafupifupi chaka chitatha, kwa miyezi itatu yokha. Wa ku Luchenza kapena ku Chitakale sanali pa mndandanda. Nthawi yomweyo tinamva za K6.2 biliyoni ya Covid, kafukufuku anaonetsa kuti ina inathera m'ma alawansi ndi kugula zinthu mosatsata malamulo, mpaka nduna inachotsedwa mu April 2021. Anthu akusowa mpweya m'zipatala, nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi pa 12 January 2021. Ndiye ukandiuza kuti tisonkhetse msonkho wa makina upite ku Capital Hill kenaka ubwerere kwa alamu a mayi Esnart, ine mtima umakana. Bola gawo la munda limene munthu akuliona ndi maso. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Admin (a Likoswe): A Mussa, mfundo yamveka, ndipo zimene mwanenazo ndi zodziwika. Tingosamala tisalowe m'zipani.

Tamanda (Leeds): Komanso kulandira ndalama si kofanana ndi kukhala ndi ntchito. Odwala anga ambiri okalamba kuno ndi a m'matauni mmene migodi ya malasha inatsekedwa m'ma 1980 ndi 1990. Boma linkawapatsa ndalama, sanafe ndi njala, koma mukamacheza nawo amakuuzani kuti tawuni inafa. Mpaka lero akunenabe. Sindikukana Mtukula Pakhomo, amathandiza agogo ndi ana amasiye. Koma mayi wa mphamvu zake safuna kukhala pa mndandanda wa ovutikitsitsa, akufuna adzuke m'mawa akudziwa kopita.

Ndipo ndalama padziko zilipo. Oxfam inalengeza mu January 2022 kuti chuma cha amuna khumi olemera kwambiri padziko chinawirikiza kawiri m'zaka ziwiri zoyambirira za mliri. Ambiri mwa iwo ndi eni makampani a ukadaulo. Zaka zomwezo Blessings ankadya za ku mpingo.

Blessings (Joni): Ndipo musaiwale kuti amene achotsedwe ku esiteti, ana awo akubwera kuno. Mwezi uliwonse ndimalandira foni, "achimwene ndipezereni pogona ndikubwera." Kuno ulova unadutsa 35% kumapeto kwa 2021, eni dziko akutiloza zala kuti tikuwalanda ntchito, a gulu lothamangitsa alendo la Operation Dudula akuyenda m'misewu. Joni si yankho. Ndikanakhala ndi maekala awiri a tiyi kwathu ku Thekerani ndi fakitale yoti ndili ndi gawo, bwenzi nditakwera basi mawa.

Mayi Nasiyaya (Bvumbwe): Ine ndifunse a PAWU ali kuti pa nkhaniyi? Ndalama ankadula pa malipiro mwezi ndi mwezi. Makina asanalowe m'munda pamayenera kukhala kukambirana, anthu auzidwe kuti chaka chino achotsedwa angati, alandira chiyani, ndani aphunzitsidwe kuyendetsa. Osati kumva kwa kapitawo m'mawa uli kale ndi dengu kumsana. Vuto lina n'lakuti ambiri ndi a kontilakiti ya nyengo, miyezi ingapo basi. Otere sachotsedwa ntchito, amangosiya kuitanidwa, ndiye palibe chowalipira, palibenso amene amawawerenga.

Dalitso (Nairobi): Amayi mwafika pa mtima pa nkhani. Ku Kericho zinayambanso choncho, mwakachetechete, wopuma osalowedwa m'malo, wa nyengo osaitanidwa. Pamene anthu ankadzidzimuka n'kuti nyumba za m'makomboni a esiteti zili zotseka. Kwathu ntchito ya tiyi imalemba anthu pafupifupi 50,000 nthawi ya mvula. Ikani pa aliyense ana ndi achibale amene amadya kwa iye. Thyolo ndi Mulanje ndi mabomanso amene Namondwe Freddy anawakantha mu March 2023, anthu ena mpaka lero sanamange bwinobwino.

Yamikani: Ndavomera kuti ndinayamba ndi kuyang'ana makina osayang'ana mwini wake. Komabe ndikuumirira pa chimodzi: ana a alamu anuwo, azakhali, asadzatchole tiyi. Aphunzire kukonza injini, magetsi a dzuwa, mapampu. Ngati makina akubwera, okonza asachokere ku Blantyre kapena kunja pamene anyamata a pa Luchenza akukhala. Ine Loweruka ndimakhala ndilibe ntchito. Ngati papezeka malo, ndikhoza kumabwera kawiri pa mwezi kuphunzitsa achinyamata za injini zing'onozing'ono, zomwezo zili pa njinga zamoto za kabaza ndi pa makina otcholawo. Atsikana akhale oyamba kulembedwa, chifukwa cha zimene anena amayi Nasiyaya.

A Chikopa (mphunzitsi wopuma, Chisitu): Ukabwera udzafikire kwathu. Malo tikapempha ku mpingo, kuli chipinda chimene chimangokhala. Koma tilembenso kalata. Ndikonza mawu ake usiku uno, yopita kwa a DC a maboma onse awiri, kwa aphungu athu ndi ku ofesi ya zantchito, kufunsa zinthu zitatu: ndi maesiteti angati alowetsa makina, anthu a nyengo amene sanaitanidwe ndi angati, ndipo pokonzanso ziphaso za malo boma likuikapo mfundo yanji yokhudza anthu ozungulira. Dalitso unditumizire bwinobwino za magawo 15 aja ndisalakwitse. Grace, kodi wina wa ku Phata angalole kubwera kudzalankhula ndi mafumu kuno?

Grace (Chikwawa): Ndifunsa Lolemba. Thiransipoti tisonkherane pa gulu pano.

Blessings (Joni): Ine ndiponya R200 ndikalandira Lachisanu.

Esnart (Luchenza): Zikomo nonse. Mawa ndipita kwa alamu anga ndikawawerengere zonsezi, foni yawo ndi yaing'ono ija yopanda intaneti. Mwana wawo wamkulu ndi mtsikana, analemba Fomu 4 chaka chatha, ali pakhomo. Yamikani, umulembe dzina poyamba. Koma za mwezi uno sindikudziwabe, ufa watsala wa masiku anayi. Ngati wina akudziwa kumene akufuna munthu wa ganyu yopalira kapena yochapa, kuyambira Luchenza mpaka Thyolo boma, andiimbire.

Mayi Nasiyaya (Bvumbwe): Auzeni abwere kwa ine Lachiwiri m'mamawa. Ndili ndi kabichi wofuna kupita naye ku msika wa Bvumbwe, ndekha sindikwanitsa kusenza.